Ndime Zitatu Zodyedwa ndi Matiresi

"Dzuwali lalakwa chiyani?"

"Silinalakwe kanthu, bambo."

"Laba? Lamangidwa? Lagunda munthu pamsewu?"

"Ayi, koma ine ndimati..."

"Nanga likufuna chiyani pamwamba pa nkhani ya paipi yophulika?"

"Ndimafuna owerenga aone kaye mmene kunachera. Madzi aja, dzuwa litangowawomba, ankanyezimira ngati..."

"Ankanyezimira! Anthu a mumsewu umenewo atha masiku anayi osasamba, akuzembana okhaokha, inu a Ndakatulo mukuti madzi ankanyezimira. Paipiyo yaphulika liti? Pati? Ndani wanena kuti aikonza? Ndayenda ndime zisanu ndisanakumane ndi paipi. Ndikanakhala pa njinga bwenzi nditatsika n'kumakankha."

Amene ankandikalipirawo anali a Lumo, mkulu wosefa nkhani zonse zisanapite kosindikiza. Dzina lawo lenileni linalipo, koma ndikukayika ngati iwo eni ankalikumbukira. Anali munthu wa imvi, wa magalasi omangidwa ndi ulusi mbali imodzi, ndipo bolopeni yawo yofiira ankaigwira ngati mpeni wosendera mbatata. Ine ndinali nditangomaliza sekondale. Lolemba limenelo ndinkayamba sabata yachinayi, yomaliza, yoyesedwa ntchito pa kanyuzipepala ka m'tauni yathu.

Akonzi, mayi wamfupi wosakonda kubwereza mawu, anali atandiuza tsiku loyamba lomwe: "Masabata anayi. Lachisanu lomaliza ndidzakuuza ngati ukukhala kapena ukupita. Ndidzayang'ana chimodzi chokha: nkhani yako yatuluka ndi dzina lako kapena ayi." Masabata atatu anali atadutsa, dzina langa lisanalawepo inki. Zimene ndinkalemba zinkalowa kwa a Lumo zitatchena, n'kutulukako zili mbulanda, timizere titatu pansi pa mutu woti "Mwachidule", popanda dzina la munthu. Kunyumba amayi anali atandipezera kale malo m'sitolo ya azakhali, yogulitsa mabatani, ulusi ndi mazipi. Ankandikumbutsa zimenezi m'mawa uliwonse, mokoma mtima, ngati akundiuza kuti ndivale juzi kunja kukuzizira.

A Lumo anavula magalasi n'kuwapukuta ndi nsonga ya malaya.

"Tamvera, mwana iwe. Ndinenanso, ngakhale pakamwa patopa. Nkhani ya m'nyuzipepala imadulidwa kumunsi. Malo akachepa patsamba, palibe amene amakhala pansi kumafufuza kuti chokoma chili pati. Timadula ndime yomaliza. Ikapanda kukwana, timadulanso yotsatira, kukwera m'mwamba mpaka ikwane. Ndiye chachikulu uziika pamwamba. Kumunsi uziika zimene zitatayika sungalire."

"Koma nkhani yabwino imasunga chokoma kumapeto, bambo. Mabuku onse amene ndawerenga..."

"Mabuku alibe malonda a feteleza pakati."

Mumtima ndinkawamvera chisoni. Munthu kukalamba chonchi, ndinkatero, osalirapo n'kamodzi komwe patsamba lomaliza la buku.

Ofesi yathu inali pamwamba pa sitolo ya penti ndi misomali. Unkakwera masitepe khumi ndi asanu ndi awiri, n'kulowa m'chipinda cha matebulo anayi ndi fani imodzi yodwala khosi, yopepesera mbali imodzi yokha, mbali ya a Lumo. Mipando inalipo itatu. Wachinayi, wanga, unali mtolo wa nyuzipepala zosagulidwa, womangidwa ndi chingwe, ndipo sabata iliyonse unkatalikirako pang'ono. Akonzi anali ndi kachipinda kawo, kotchingidwa ndi matabwa opyapyala osafika kudenga. Pakona pankakhala bambo woyala masamba pakompyuta, amene tonse, ngakhale a Lumo, tinkamuitana kuti Achimwene. Nyuzipepala inkatuluka Lachinayi lililonse, masamba khumi ndi awiri, ndipo Lachitatu masana zonse zinkayenera kukhala zitapita kosindikiza. Ine pobwera ndinkaganiza kuti utolankhani ndi kuthamanga m'mvula, kope lili pachifuwa, choonadi chikukudikira kutsidya kwa mlatho. Chimene ndinapeza chinali fungo la penti ndi mapaipi.

Lachiwiri m'mawa a Lumo anandituma ku depoti ya mabasi. Chimbudzi cha kumeneko chinali chitatsekedwa kwa milungu iwiri.

"Ndime zinayi," anatero. "Wachitseka ndani, chifukwa chiyani, anthu akupita kuti. Dzuwa ulisiye panja."

Kudepoti woyang'anira chimbudzi kunalibe. Makondakitala atamva kuti ndachokera ku nyuzipepala anandizungulira.

"Alongo, mulembe kuti ine ndikufuna mkazi."

"Mulembe kuti uyu sasamba, chimbudzi chisanatsekedwe n'komwe."

Mmodzi wachifundo anandilozera pansi pa ambulera yazigamba pafupi ndi chipata. "Kafunseni a Mawotchi. Iwo aja anafika pano simenti isanaume."

A Mawotchi anali atawerama pa katebulo kokhala ndi chivundikiro cha galasi, kagalasi kena kozungulira katakanirira padiso. Pansi pa galasilo panali mawotchi osawerengeka, iliyonse ikunena nthawi yakeyake. Ndinapereka moni, ndinatsegula kope, ndipo pofuna kuyamba mwaulemu ndinafunsa kuti akhala pamalopo zaka zingati.

"Makumi awiri ndi ziwiri," anayankha osadzutsa mutu. "Kuyambira pamene mkazi wanga anakwera basi pomwe waimapo iwepo."

Ndinayang'ana pansi pa mapazi anga. Panali dontho la oyilo ndi khoko la nthochi. Chimbudzi chinachoka m'mutu mwanga osatsanzika.

Anandiuza zonse, pang'onopang'ono, zala zili pantchito. Mkaziyo anakwera basi ya m'mawa ndi chikwama chimodzi, osacheuka. Sabata yotsatira iwo anasamutsa katebulo kawo kuchoka pakhonde la positi kubwera pa depoti. Basi iliyonse ikaima, ankadzutsa mutu. Sanakwatirenso. Anamanga nyumba ya zipinda zitatu, ya malata, ankadziphikira okha, kudzichapira okha. Pakona pa galasi paja panali kawotchi kachikazi, ka lamba wofiirira, kosagulitsa. M'mawa uliwonse ankakapukusa kamutu kuti kasaime.

"Madala, chaka chatha munkati lamba wake ndi wakuda," anatero kondakitala wina amene ankamwa tiyi chapafupi.

"Iwe, kaitanire anthu uko."

Ine ndinkalemba ngati dzanja si langa. "Ndiye mpaka lero mukudikirabe?"

"Ayi. Mpaka mwezi wathawu. Basi ya masana. Anatsika, anaima apa, nati, 'Mwadya?' Ali kunyumba pano tikunena pano. Dzulo amachapa makatani."

Ndinatseka kope. Ndikanatha ndikanawakumbatira, iwo ndi katebulo kawo komwe. Ndinawajambula chithunzi pafoni, kagalasi kali padiso, ndipo ndinabwerera ndikuyenda pakati pa msewu, njinga zikundiimbira mabelu.

Madzulo amenewo ndinalemba nditakhala pakhonde la kwathu. Ndime khumi ndi zinayi. Khumi ndi imodzi zinali za kudikira: mabasi ofika, mabasi onyamuka, mvula, fumbi, nyumba yachete. Ndinafuna wowerenga avutike, ataye mtima, atsale pang'ono kupinda nyuzipepala. Kenako ndime zitatu zomaliza, basi ya masana. Nditamaliza ndinawawerengera amayi ali kusita yunifolomu ya mlongo wanga. Nditafika pa mawu omaliza ndinadzutsa maso.

Amayi anaimika simbi. "Nanga chimbudzi chija?"

Lachitatu mwayi unandisekerera, kapena ndinkaganiza choncho. Mpando wa a Lumo unali wopanda munthu. Anali atapita kuchipatala kukazula dzino, ndipo Achimwene anati aka kanali koyamba a Lumo kujomba chiyambireni ntchito. Akonzi anali pafoni, akukangana ndi a makina osindikizira, uku akuloza tsamba lachisanu. Nkhani ya msonkhano wa khonsolo imene inayenera kukhala pamenepo inali itafa, chifukwa msonkhanowo sunachitike. Panali dzenje lalikulu loyera.

Ndinaika mapepala anga patsogolo pawo. Anawerenga ndime zitatu zoyamba ali chiimire, foni ili pakhutu.

"Munthuyu alipodi?"

"Alipo, mayi. Chithunzi ichi."

"A Lumo aiona?"

"Ndi iwo amene anandituma kudepoti."

Silinali bodza. Linali chabe choonadi choimirira chammbali. Akonzi analemba mutu wa nkhani pamwamba, n'kukankhira mapepalawo kwa Achimwene. Ndinaima kumbuyo kwawo ndikuona ndime zanga zikulowa m'dzenje lija imodziimodzi, zonse khumi ndi zinayi, ngati zinasokedwera pomwepo. Kenako anatayipa dzina langa. Ndinawapempha kuti alikulitse pang'ono pagalasi la kompyuta kuti ndilione bwino. Anakulitsa mpaka chilembo chimodzi chinadzaza galasi lonse, nati, "Chakwana, kapena tiitane aneba?"

Ndinaweruka msanga. Sindinaone bambo wogulitsa matiresi akukwera masitepe aja, ali wefuwefu, ndi uthenga wa malonda m'manja. Masamba ena onse anali atadzaza. Achimwene anachita zimene nyuzipepala yathu yakhala ikuchita kuyambira ine ndisanabadwe.

Lachinayi ndinadzuka kusanayere bwino, n'kukadikira pamphambano pamene pamakhala wogulitsa nyuzipepala. Ndinatsegula tsamba lachisanu. Dzina langa linalipo, lakuda bii, lokongola kuposa mmene ndinkalidziwira. Pamwamba pake panali mutu wa Akonzi: ZAKA 22 AKUDIKIRABE MKAZI WAKE PA DEPOTI. Mawu oti "akudikirabe" anandilasa pang'ono, koma ndinati palibe kanthu, mapeto akonza zonse. Ndinawerenga chotsika, ndikumwetulira ndekha ngati wamisala, mpaka ndinafika apa:

"Nyumba ya zipinda zitatu, ya malata, ili zii. Amadziphikira yekha, amadzichapira yekha. Basi iliyonse ikaima, amadzutsa mutu."

Pansi pake panali mzere wakuda, ndipo pansi pa mzerewo mayi wonenepa bwino atagona chammbali, akumwetulira: MATIRESI OFEWA, GONANI NGATI KHANDA.

Ndinatembenuza tsamba. Mpira. Ndinabwerera. Matiresi.

Masitepe aja ndinawakwera awiriawiri.

"Achimwene, mwadula mapeto!"

"Ndadula kumunsi, mlongo."

"Koma mkazi uja anabwerera!"

Akonzi anatulukira pa chitseko cha kachipinda kawo. A Lumo anali atakhala pamalo pawo, tsaya litatupa ngati abisamo dzira, nyuzipepala ili yotsegula patebulo. Analankhula movutikira, thonje lili m'kamwa.

"Anabwerera... mu ndime yachingati?"

"Yakhumi ndi chiwiri, bambo."

Anatseka maso. Sanandikalipire. Ndikanakonda akanandikalipira.

Dzuwa lisanafike pamutu, ogulitsa nyuzipepala anayamba kukwera masitepe kudzafuna zina. Zinali zitatha. Achimwene anati zoterezi zinachitikapo kamodzi kokha, chaka chimene msika unapsa. Foni ya muofesi inkangolira. Mayi wina ankafuna kudziwa ngati bamboyo amamwa mowa. Wina anafunsa ngati amapemphera, ndipo ngati sapemphera, ngati angalole kuphunzitsidwa. Akonzi ankayankha ndi nkhope ya munthu amene wapatsidwa mphatso yakuba: kukana akulephera, kusangalala akuopa.

"Pita kudepoti," anandiuza. "Ukawapepese bambowo asanabwere kuno ndi ndodo."

Ndinapita ndikuloweza mawu opepesa njira yonse. Nditafika pachipata ndinalephera kuiona ambulera ija. Panali mzere wa azimayi, ena ovala ngati akupita ku ukwati. Aliyense anali ndi wotchi. Wina ananyamula ya pakhoma, yaikulu ngati thireyi. Wina anali ndi yopanda mivi n'komwe. Wina analibe wotchi koma bakuli lokutidwa ndi kansalu koluka, ndipo ankafunsa mnzake wa patsogolo ngati zipinda zitatuzo n'zasimenti. Makondakitala anasiya mabasi n'kumayendetsa mzere.

"Mmodzimmodzi, amayi! Amasiye kutsogolo, osiyidwa pambuyo!"

A Mawotchi anali atavala tayi. Tsitsi linali lopesa, lonyezimira mafuta. Atandiona anadzuka n'kundigwira dzanja ndi manja awiri.

"Mwana wanga, walemba bwino. Dzanja lako ndi lodalitsika."

"Bambo, ndabwera kudzapepesa. Mapeto anadulidwa. Sabata yamawa tikonza."

"Kukonza chiyani? Chawonongeka n'chiyani? Usagwirenso, isiye momwemo."

"Nanga amayi kunyumba?"

"Aaa, iwo aja sawerenga nyuzipepala."

"Aneba amawerenga, madala," anatero kondakitala wa tiyi uja.

A Mawotchi anakhala pansi n'kubwezera kagalasi padiso. Ndinaima pang'ono ndikuwayang'ana. Basi inalowa pachipata, inaima, anthu anatsika. Sanadzutse mutu. Anali otanganidwa kufotokozera mayi wa wotchi yopanda mivi kuti matenda ake ndi aakulu, afunika kubweranso kawiri kapena katatu.

Lachisanu, tsiku langa lachiweruzo, amayi anandisitira bulauzi yoyera osanena kanthu za azakhali, zimene zinandiopsa kuposa akananena. Muofesi aliyense ankandilambalala ndi maso. Akonzi anadzitsekera. Ndinakhala pa mtolo wanga ndikulemba ndime zinayi za chimbudzi, popanda wondituma.

Cha m'ma thuu koloko tinamva mapazi pamasitepe. Sanali othamanga ngati a ogulitsa nyuzipepala. Ankaponda sitepe iliyonse ngati akuiwerengera mlandu. Analowa mayi wamtali, wowonda, wa mpango wotuwa kumutu, dengu lili m'manja, nyuzipepala yathu yopindidwa kukhwapa. Anayang'ana chipinda chonse, anasankha tebulo la a Lumo, n'kuyamba kutulutsa mabakuli. Limodzi. Lachiwiri. Lachitatu.

"Izi zafika kunyumba kwanga kuyambira dzulo," anatero modekha. "Umu ndi mpunga. Umu ndi nyemba, mchere wachuluka. Ili sindinatsegule. Wina anabwera ndi makatani, mawindo atawayeza kale ndi maso. Anandipeza ndikusesa, nandifunsa ngati ndine wantchito, ndiponso ngati bwana amandilipira bwino."

"Pepani, mayi," anatero a Lumo akudzuka, dzanja lili patsaya. "Inu ndinu..."

"Ndine amene akudikiridwa uja."

Achimwene anawapatsa mpando wawo. Akonzi anatuluka, anapereka moni mwaulemu wonse, kenako anandikoka pamkono kulowa nane m'kachipinda kawo.

"Tamvera," ananong'ona. "Nkhani yatuluka ndi dzina lako, inde. Yagulitsa, inde. Koma ndi yabodza, ndipo amene tamunamizirayo wakhala pampando apo. Mayiwa akatsika masitepe aja ali okwiya, utsika nawo limodzi, osabweranso. Akatsika mtima uli m'malo, Lolemba ubwere."

"Ndamva," anatero mayi aja kuseri kwa matabwa. "Khoma lanu ndi lalifupi."

Tinatuluka. Akonzi anakhala moyang'anana nawo, manja ali pamaondo.

"Mayi, talakwa. Lachinayi likudzali tiika chipepeso patsamba lachiwiri, m'bokosi, zilembo zakuda."

"Pepani ndili naye wambiri kunyumba. Bambo aja akhala akundipatsa kuyambira dzulo, tayi ili m'khosi."

A Lumo anali atayamba kale kulemba ndi bolopeni yawo yofiira. Pa zinthu zotere anali katswiri. Anakonza kukhosi n'kuwerenga pang'onopang'ono chifukwa cha tsaya: "Mkazi wa wokonza mawotchi wa pa depoti anabwerera kwa mwamuna wake mwezi watha, ndipo awiriwa akukhala limodzi. Nkhani yathu ya sabata yatha inalakwitsa ponena kuti bamboyo akudikirabe." Anaika pepala pansi monyadira. "Mizere iwiri, zonse zilimo. Azimayi aja akangowerenga, adziwa kuti pamalopo pali mwini."

"Ndiye ine ndikhale chikwangwani? Chija amakhoma pa puloti kuti 'malo ano si ogulitsa'?"

"Ayi, mayi, sindinatanthauze..."

"Azimayi aja asiyeni. Akatopa n'kuphika asiya okha. Ndikumudziwa amene akumuphikirayo."

Achimwene anayesa nawo mwayi. "Tikhoza kukujambulani chithunzi muli awiri, mayi. Chachikulu, chamitundu, tsamba loyamba. Mutagwirana manja pa depoti pomwepo."

"Atavala tayi ija?"

"Akhoza kuvula."

"Tayi ija ndinamugulira ndine, tisanakwatirane. Zaka zonsezi sanaivalepo chifukwa cha ine. Wavalira mayi wa wotchi ya pakhoma."

Apa ndinaona kuti nthawi yanga yakwana. Onsewa ankapereka mabokosi ndi timizere. Ine ndinali ndi chinthu chenicheni, chimene chikanatuluka bwenzi zonsezi kulibe. Ndinatulutsa mapepala anga m'chikwama.

"Amayi, nkhaniyi ndinalemba ndine. Koma sinathere pamene mwawerengapo. Panali ndime zitatu zina, za inuyo. Zinadulidwa chifukwa cha matiresi. Tikazitulutsa zonse, tauni yonse idziwa."

Anandiyang'ana kuyambira kunsapato mpaka kutsitsi. "Tawerenga timve."

Ndinaimirira bwino. A Lumo anagwira tsaya ndi manja onse awiri, ngati dzino lamera kachiwiri.

"Koma tsiku lina, masana, basi yafumbi inaima pachipata. Anatsika mayi, maso ake odzaza misozi ya zaka makumi awiri ndi ziwiri. Miyendo yake inali itayenda kutali, koma mtima wake unali usanachokepo pa depotiyo." Ndinapuma pang'ono kuti mawuwo alowe. "Anayenda ngati wolota kupita pa katebulo kaja. Dziko lonse linaima. Ngakhale mawotchi anagwira mpweya. Milomo yake ikunjenjemera, ananena mawu amodzi okha, mawu amene munali kupepesa konse, kulakalaka konse, chikondi chonse cha..."

"Ndinalira ine?"

"Amayi?"

"Misoziyo. Unaiona?"

"Ayi, koma ndinaganiza kuti..."

"Ndinatsika basi ija ndili ndi chimfine. Ndipo ndinamufunsa ngati wadya chifukwa malaya ankachita kulendewera ngati ali pa chingwe." Anatembenukira kwa Achimwene. "Ndinu amene munadula zimenezi?"

"Ndine, mayi. Pepani kwambiri."

"Musapepese. Mukamuona wa matiresiyo mumuthokoze. Wandichitira chifundo."

Achimwene anayang'ana kudenga, milomo ataikanikiza. Ndime zija ndinazilemba ndikulira, ndipo tsopano zinali m'manja mwanga ngati nsapato za munthu wina.

Mayi aja anadzuka. Mabakuli anawasiya pomwepo. Anatenga dengu lopanda kanthu, anakonza mpango, n'kuyamba kulowera kukhomo, mwa kuyenda komwe kuja kosathamanga. Nkhope yawo sinali ya munthu amene mtima uli m'malo. Akonzi anandiyang'ana kamodzi, kenako anayang'ana chikwama changa. Ndinaona mashelefu a azakhali, timabotolo ta mabatani tondandalikidwa mwa mitundu, ine nditakhala kuseri kwa kauntala mpaka imvi, ndikuyeza zipi pa siketi ya munthu. Mayi aja anagwira chitseko. Ulemu wonse umene amayi anandiphunzitsa unandithawa.

"Nanga mukufuna chiyani, amayi?" Mawu anatuluka okwera kuposa mmene ndinkafunira. "Chipepeso ayi, kukonza ayi, chithunzi ayi, ndime zanga ayi. Mwakwera masitepe onsewa kudzatani?"

"Iwe!" anatero Akonzi.

Koma mayi aja anali ataima. Anatembenuka pang'onopang'ono, n'kutiyang'ana mmodzimmodzi: Akonzi, a Lumo ndi pepala lawo la mizere iwiri, Achimwene, ine.

"Mwaona?" anatero. "Anthu anayi. Ntchito yanu akuti ndi yofunsa anthu mafunso. Ndakhala pampando apo mpaka mpunga wazizira, aliyense akundiuza chimene andichitire. Funso loyamba ndi limeneli, ndipo latuluka mwamwano."

A Lumo anaika bolopeni yawo pansi mwakachetechete.

Mayi aja anabwerera, anadutsa mpando wa Achimwene, n'kukhala pa mtolo wanga wa nyuzipepala zosagulidwa. Anaika dengu pamiyendo.

"Zaka makumi awiri ndi ziwiri tauni yonse yakhala ikumufunsa mwamuna wanga kuti ndinachokeranji. Iye amayankha, ndipo amatha kuyankha, chaka chilichonse yankho limanka likoma. Ine palibe anandifunsapo. Abale ake ayi, mchemwali wanga weniweni ayi, iyeyo mwini wake ayi. Ndabwera mwezi wathunthu tsopano, akungondiyang'ana ngati wotchi imene yayambanso kuyenda yokha, akuopa kuigwedeza. Ine sindikufuna pepani, sindikufuna chithunzi. Ndikufuna munthu akhale pansi andifunse kuti ndinapitiranji, ndinali kuti, ndabwereranji, ndipo adikire mpaka nditamaliza kuyankha. Iweyo, wa misoziwe. Tenga kope lako."